PHUNZIRO: ZITHUNZI ZOZOKOTA PA MTENGO NDI CHIKUMBUMTIMA CHA MMISIRI

Chiyambire kale Eklezia Katolika adziwa kuti chithunzi chili ndi mphamvu yophunzitsa. Pafupi ndi chaka cha 600, Papa Gregory Wamkulu adalembera kalata Episkopi Serenus wa ku Marseilles, amene adaphwanya zithunzi za m'tchalitchi poopa kuti anthu angamazipembedze. Papa adamyamikira chifukwa choletsa kupembedzako, koma adamdzudzula chifukwa cha kuphwanyako, namkumbutsa kuti munthu wosadziwa zilembo aphunzira pa khoma zimene wophunzira apeza m'buku. Pambuyo pake, m'chaka cha 787, Msonkhano waukulu wa Aepiskopi wa ku Nicaea udatsimikiza kuti zithunzi zoyera n'zololedwa, pakuti ulemu woperekedwa kwa chithunzi ufika kwa mwini chithunzicho.

Koma chinthu chokhoza kuphunzitsa chikhozanso kusokeretsa. Phunziro lino likamba za amisiri a ku England amene ankazokota zithunzi za m'nyuzipepala pa timatabwa, m'nthawi ya Mfumukazi Victoria. Mbiri yawo ionetsa poyera kuti chithunzi chilichonse chosindikizidwa chidutsa m'manja mwa anthu, ndi kuti mwini dzanja lililonse adzayankha kwa Mulungu za ntchito yake.

1. NYENGO YA MFUMUKAZI VICTORIA

Mfumukazi Victoria idalamula dziko la Britain kuyambira 1837 mpaka 1901. M'zaka zimenezo anthu odziwa kuwerenga adachuluka, makina osindikizira oyendera nthunzi adafulumiza ntchito, ndipo sitima za pamtunda zidayamba kufikitsa nyuzipepala kutali tsiku lomwelo. Kamera idadziwika kuyambira 1839, koma kwa zaka pafupifupi 50 padalibe njira yabwino yosindikizira chithunzi cha kamera pamodzi ndi mawu pa tsamba la nyuzipepala. Tsono chithunzi chilichonse chimene anthu ankachiona m'menemo chinkapangidwa ndi dzanja.

Kale mu 1832 magazini yotchedwa Penny Magazine, yogula peni imodzi, idaonetsa kuti anthu wamba akonda zithunzi, popeza m'chaka chake choyamba inkagulitsa makope okwana 200,000 pa mlungu. Herbert Ingram, wogulitsa nyuzipepala wa ku Nottingham, adazindikiranso kuti malonda ankayenda bwino tsiku limene nyuzipepala inali ndi chithunzi. Choncho pa 14 Meyi 1842 adatulutsa kope loyamba la Illustrated London News. Linali la masamba 16 ndi zithunzi 32, mtengo wake mapeni 6, ndipo adagulitsa makope 26,000. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, pa 17 Julaye 1841, idabadwa magazini ya nthabwala yotchedwa Punch. Mmodzi mwa oiyambitsa, Ebenezer Landells, anali mmisiri wozokota pa mtengo.

2. MTENGO NDI CHITSULO

Landells adaphunzira luso lake kwa Thomas Bewick wa ku Newcastle, amene adabadwa mu 1753 namwalira mu 1828. Bewick sindiye adatulukira kusindikiza ndi mtengo, koma ndiye adakometsa njira imene amisiri onse a nyengo ya Victoria adaitsata. Akale ankasema thabwa lofewa ndi mpeni, motsata misempha ya mtengo, ndipo mizere yake inkatuluka yonenepa. Bewick, amene adakula akuzokota pa zitsulo, adatenga zida za ntchito imeneyo nazigwiritsa pa mtengo wolimba kwambiri wotchedwa box. Mtengowo sankaucheka m'litali monga achekera matabwa, koma ankaudula mopingasa monga adulira mzimbe, nazokota pa nkhope yodulidwayo. Pamenepo palibe msempha wopatutsa chitsulo, ndipo mmisiri akhoza kusiya mzere woonda ngati tsitsi.

Kachipika kotere kagwira ntchito monga chidindo cha ku ofesi. Pamene mmisiri wakumba, inki sifikapo, ndipo pa pepala patuluka poyera. Pamene wasiya osakumba, pagwira inki, ndipo patuluka pakuda. Monganso pa chidindo, zonse ziyenera kukhala chotembenuka, za kumanja kumanzere ndi za kumanzere kumanja, ngati m'kalilole. Ubwino wake waukulu unali wakuti kachipikako ankakadula msinkhu wofanana ndi zilembo za mtovu, kotero kuti chithunzi ndi mawu zinkasindikizidwa nthawi imodzi pa makina amodzi. Zithunzi zozokota pa mkuwa kapena pa chitsulo zinkafuna makina ena ndi nthawi yaitali.

Zida za mmisiri zinali zochepa: tizitsulo tosongoka ta misinkhu yosiyana tokhala ndi chogwirira chobulungira, galasi lokuzira zinthu, ndi kathumba kachikopa kodzaza mchenga kotsamiritsapo kachipika kuti kazizungulira bwino. Usiku ankaika botolo lobulungira lodzaza madzi pakati pa nyale ndi ntchito yake, kuti kuwala kusonkhane pamalo amodzi ndi kuti kutentha kwa nyale kusamfike kumaso. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito iyi inkafuna kudekha kotero kwa maola ambiri, munthu ali choweramira.

3. MANJA AMBIRI, CHITHUNZI CHIMODZI

Mtengo wa box ukula pang'onopang'ono ndipo sunenepa. Wambiri unkachokera ku Turkey ndi ku mapiri a Caucasus, ndipo kachidutswa kabwino kawirikawiri sikankaposa chikhatho cha munthu. Pofuna chithunzi chodzaza tsamba, amisiri ankalumikiza tizidutswa tambiri. Cha m'ma 1860 idafala njira yomanga tizidutswato ndi mabawuti kunsi kwake, kuti tizimasulidwa ndi kumangidwanso.

Ulendo wa chithunzi unali wotere. Wojambula amene anali pamalo pa nkhondo, moto kapena mwambo ankalemba mwachangu zimene waona, natumiza pepalalo ku London pa sitima. Kumeneko wojambula wachiwiri ankalikonza, nalijambulanso ndi pensulo pa chipika chopakidwa zoyera. Kenaka mkulu wa amisiri ankayamba wazokota mizere yodutsa m'malire a tizidutswa, kuti pambuyo pake idzakumane bwino. Atatero ankamasula mabawuti, nagawira amisiri ake aliyense kachidutswa kake: wina mitambo, wina nkhope, wina zovala, wina nyumba. Iwo ankachezera usiku wonse. M'mawa tizidutswa tinkamangidwanso, mkulu uja nasalaza molumikizira. Potsiriza ankadinda chipikacho pa phula, ndipo mwa mphamvu ya magetsi ankapangapo chinzake chamkuwa, chimene chinkapirira kusindikiza makope zikwi zambiri.

Pa ngodya imodzi ya chithunzi pankalembedwa dzina la wojambula, pa ngodya ina dzina la mwini nyumba ya ntchito. Maina a amene adachezera ndi nyale sankalembedwa konse. Joseph Swain adayang'anira ntchito yozokota ya Punch zaka zoposa 50, ndipo dzina lake lipezeka pansi pa zithunzi zosawerengeka. Koma ambiri mwa anyamata ndi madoda amene adazikumba pansi pa ulamuliro wake aiwalika.

4. KUKHULUPIRIKA KWA WOZOKOTA

Panali chinthu china choopsa pa ntchito iyi. Popeza wojambula ankajambula pa chipika chenichenicho, chitsulo cha mmisiri chinkadya chojambulacho pamene chinkapita. Ntchito ikatha, chojambula choyamba kunalibenso, ndipo chotsala chinali chokhacho chimene wozokota wasiya. Mzere wodulidwa molakwa sukadafufutika. Ankachita kuboola pamalopo, nakhomerapo kamtengo kena, nayambanso. Cha m'ma 1860 ndi pamene idapezeka njira yotsitsira chojambula pa chipika ndi kamera, kotero kuti pepala la mwini wake linkasungika.

N'chifukwa chake ojambula ankawaopa amisiri ozokota. Dante Gabriel Rossetti adadandaula kwambiri kuti zojambula zake zaonongeka m'manja mwawo. Koma pamene wojambula ndi wozokota ankamvana, zipatso zake zinali zokoma. Nyumba yotchuka koposa inali ya abale a banja la Dalziel. George ndi Edward ndiwo adaitsogolera kuyambira cha m'ma 1840, ndipo abale awo John ndi Thomas pamodzi ndi mlongo wawo Margaret adagwira nawo ntchito. Iwowa adapempha John Everett Millais kuti ajambule mafanizo a Ambuye Yezu. Millais adatha zaka zisanu ndi chimodzi akujambula zithunzi 20 zokha, monga za Wofesa mbewu, Nkhosa yosokera, Mwana wolowerera ndi Msamariya wachifundo. Abale a Dalziel ankamtumizira makope oyeserera, iye nawabweza atalembapo zoyenera kukonza, mpaka zonse zitalongosoka. Zithunzi 12 zidatuluka m'magazini ya Good Words mu 1863, ndipo buku lathunthu lidatsatira mu 1864. Magaziniyo sinali ya Akatolika, koma idalowetsa mafanizo a Mpulumutsi m'nyumba zambiri, ndipo ana osadziwa kuwerenga adawaona ndi maso.

5. CHITHUNZI CHINENA ZOONA, CHINGATHENSO KUNAMA

Anthu ankakhulupirira zithunzi za m'nyuzipepala monga ngati adaziona okha zinthuzo. Komabe kope loyamba lenileni la Illustrated London News lili ndi chenjezo. M'mwezi womwewo wa Meyi 1842 moto waukulu udapsereza mzinda wa Hamburg ku Germany. Nkhani idafika ku London popanda chojambula chilichonse. Tsono adatenga chithunzi chakale cha mzindawo, nachijambulanso pa chipika, nawonjezapo malawi, utsi ndi anthu oonerera. Moto unali woona, koma chithunzicho chidapangidwa ndi munthu amene sadauone.

Nthawi zina luso lomwelo lidatumikira choona ndi chifundo. Kuyambira 1845 matenda adaononga mbatata ya kachewere ku Ireland, dziko la Akatolika ambiri, ndipo njala idapha anthu pafupifupi 1,000,000. M'mwezi wa Febuluwale 1847 Illustrated London News idasindikiza zojambula za James Mahony wa ku Cork, amene adapita yekha ku Skibbereen ndi midzi yozungulira. Chimodzi chidaonetsa mayi wa ku Clonakilty atanyamula mtembo wa mwana wake, akupempha ndalama zogulira bokosi. China chidaonetsa mnyamata ndi mtsikana akufukula m'munda wopanda kanthu. Anthu a ku London amene adangomva za njalayo ndi makutu adaiona tsopano ndi maso. Momwemonso pa 4 Disembala 1869, mmisiri wozokota William Luson Thomas atayambitsa nyuzipepala ya The Graphic, kope loyamba lidanyamula chojambula cha Luke Fildes choonetsa amphawi a mu London, akulu ndi ana, ataima pa mzere usiku wozizira kudikira chilolezo cha malo ogona.

Dziko la Malawi nalonso lidayamba kuonekera kwa anthu a ku Ulaya kudzera m'zithunzi zotere. M'mwezi wa Julaye 1861, David Livingstone ndi anzake adakumana ndi gulu la akapolo 84 pa mudzi wa Mbame, m'mapiri a kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, nawamasula. Buku la ulendowo, lotuluka mu 1865, lili ndi chithunzi chozokota choonetsa amuna ali m'magoli, akazi ndi ana ali pa chingwe. Chithunzicho chidabwerezedwa m'mabuku ambiri, ndipo chidathandiza kuutsa mitima ya anthu pa nkhanza ya malonda a akapolo.

6. RICHARD DOYLE ASIYA NTCHITO

Pakati pa ojambula a Punch panali mnyamata Mkatolika dzina lake Richard Doyle, wobadwa mu 1824. Bambo wake, John Doyle, anali wojambula wodziwika wochokera ku Dublin. Richard adalowa ntchito ku Punch mu 1843 ali ndi zaka 19, ndipo posakhalitsa adakhala mmodzi mwa okondedwa koposa. Ndiye adajambula chikuto cha magaziniyo chimene chidakhazikika mu 1849.

Kwa zaka pafupifupi 300 Akatolika a ku England adalibe madayosizi awoawo. Ufulu wawo wambiri udabwezedwa mu 1829, ndipo chiwerengero chawo chidakula ndi anthu othawa njala ya ku Ireland. Poona zimenezi, pa 29 Sepitembala 1850 Papa Pius IX adakhazikitsanso madayosizi 13 ku England ndi Wales, naika Nicholas Wiseman kukhala Kadinala ndi Arkiepiskopi wa ku Westminster. Anthu ambiri adapsa mtima, nati Papa walowerera ufumu wa Mfumukazi. Nduna yaikulu ya boma, Lord John Russell, idalemba kalata yapoyera yodzudzula Papa. Pa 5 Novembala makamu adatentha zifanizo za Papa ndi za Kadinala m'misewu. Punch idalowa nawo m'chipolowecho, ndipo mlungu ndi mlungu inkatulutsa mawu ndi zithunzi zonyoza Papa, Aepiskopi ndi miyambo ya Eklezia.

Doyle anali ndi zaka 26, ntchito yokhazikika, malipiro abwino ndi mbiri yokoma. Koma adaona kuti luso lake ndi dzina lake zinali kukometsa magazini imene inkasandutsa chikhulupiriro chake choseketsa. Chakacho chisanathe adatula pansi ntchito, ndipo sadabwererenso m'gulu la ojambula a Punch. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Eklezia wa ku England anali wochepa ndi wonyozeka masiku amenewo, koma Doyle adamzindikira kuti ndi mayi wake.

Malo ake adatenga John Tenniel, amene adagwira ntchito ku Punch zaka 50 mpaka 1901, nalandira ulemu waukulu wa boma. Doyle adapitiriza kujambula zithunzi za m'mabuku, namwalira mu 1883. Chikuto chake chidakhalabe pa magazini imene adaisiya mpaka zaka za m'ma 1950. Mu 1851 boma lidapanga lamulo loletsa Aepiskopi Achikatolika kutchedwa ndi maina a mizinda ya ku England, koma palibe Episkopi amene adazengedwa nalo mlandu, ndipo lidafafanizidwa mu 1871. Punch idaleka kutuluka mu 2002. Dayosizi ya Westminster ikadalipo.

7. KUTHA KWA NTCHITOYI

Cha m'ma 1880 idapezeka njira yosandutsa chithunzi cha kamera kukhala timadontho ting'onoting'ono pa chitsulo, kotero kuti chinkasindikizika pamodzi ndi mawu popanda dzanja la wozokota. Njira yatsopanoyo inali yachangu ndi yotsika mtengo. Nyumba ya abale a Dalziel idagwa ndi ngongole mu 1893, ndipo pofika 1900 amisiri ambiri adasowa ntchito imene adaiphunzira kuyambira ubwana. Luso lozokota pa mtengo silidafe, koma lidatsala m'manja mwa amisiri owerengeka okometsa mabuku.

8. ZIMENE MKRISTU ATOLAPO

Amisiri aja adapita, koma zithunzi zachuluka koposa kale. Lero zifika pa foni ya m'manja, ndipo zina zipangidwa ndi kompyuta popanda chinthu chenicheni chimene chidachitika. Moto wa ku Hamburg ukhale chikumbutso. Mkristu wanzeru asanakhulupirire chithunzi ayenera kufunsa amene wachipanga, ngati adaliko, ndi chimene afuna kuti woona achite. Lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu liletsa umboni wonama, ndipo umboni wa chithunzi suchepa pa umboni wa pakamwa. Wotumiza kwa anzake chithunzi chonamizira munthu asanduka limodzi mwa manja opanga bodzalo. Msonkhano wachiwiri wa Vatican, m'chikalata chake cha Inter Mirifica cha pa 4 Disembala 1963, udaika udindo pa onse awiri, ofalitsa nkhani ndi ozilandira.

Akatekisiti adzadzizindikira okha mwa mmisiri wozokota. Chojambula si chake. Wachilandira kwa mwini wake, ndipo ulemu wake uli pa kuchipereka monga adachilandirira, osawonjezapo mzere wa m'mutu mwake, osadulapo mzere umene wamvuta. Chiphunzitso cha Yezu Kristu chifika ku mudzi wakutali kudzera mwa katekisiti, ndipo kwa akatekumeni ambiri chimene iye wanena ndicho chokha chimene adzachidziwa. Mzere wodulidwa molakwa mu mtima wa mwana suchedwa kulimba, ndipo kuukonza kufuna ntchito yowawa. Ndiponso katekisiti agwira kachidutswa kamodzi ka chithunzi chachikulu. Mizere yake iyenera kukumana ndi ya Bambo Mfumu, ya Ambuye Episkopi ndi ya Eklezia yense, chifukwa wozokota motsata nzeru zake zokha aononga ntchito ya anzake onse. Dzina lake mwina silidzalembedwa pa ngodya iliyonse, koma Mulungu aona amene achezera ndi nyale.

Potsiriza, nkhani ya Richard Doyle ikhudza Mkristu aliyense wolembedwa ntchito, kaya ndi kalaliki, mphunzitsi, wosindikiza kapena wamalonda. Ntchito ndi mphatso ya Mulungu, ndipo munthu saitaya mwachibwana, makamaka pamene ana akumuyang'anira. Si chipongwe chilichonse cha pa ntchito chimene chifuna kuti munthu achoke. Kawirikawiri kuyankhula mofatsa ndi kukana chinthu chimodzi choipa kukwanira. Koma ilipo nthawi imene malipiro ndi chikumbumtima sizingathe kukhala m'nyumba imodzi. Wofika pa mphambano yotere apemphere, afunse uphungu kwa wansembe, ndipo akumbukire kuti ena adasankhapo kale chikhulupiriro pamene kusankhako kunali kodula.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

1. Kodi Papa Gregory Wamkulu adamuuza chiyani Episkopi Serenus za ntchito ya zithunzi?

2. Kodi chithunzi cha m'nyuzipepala chinkadutsa m'manja angati chisanafike kwa wowerenga?

3. Kodi chithunzi cha moto wa ku Hamburg chisiyana bwanji ndi zithunzi za njala ya ku Ireland?

4. N'chifukwa ninji Richard Doyle adasiya ntchito mu 1850, ndipo adataya chiyani?

5. Kodi katekisiti afanana bwanji ndi mmisiri wozokota?

6. Kodi Mkristu achite chiyani akalandira chithunzi chonyoza mnzake, chimene sadziwa gwero lake?